A Chikusa ndi Fomu Yoyezera Aphunzitsi

A Chikusa tinawaika Lachinayi lapitali kumudzi kwawo, kuseri kwa phiri, mbali ya ku Ntchisi. Chisanu chinali chitayamba kale kuluma, ndipo anthu sanachuluke monga mmene ndinkaganizira kuti angachulukire pamaliro a munthu amene anagwira choko zaka zoposa makumi atatu. Pa aphunzitsi amene tinagwira nawo ntchito tinapitako atatu basi. Mkulu wa mpingo amene anawerenga mbiri yawo anatchula kumene anabadwira, kumene anabatizidwira, sukulu zimene anaphunzitsako ndi ana amene asiya. Za fomu sananenepo kanthu. Ine ndinakhala pamphasa pakati pa amayi ndikudikira kuti wina aitchule, koma mpaka adzukulu anamaliza kukwirira manda palibe amene anaitchula. Ndiye ndati ndilembe ndine, ngakhale kuti pa anthu onse amene analipo, ine ndiye wosayenera kulemba za iwo.

A Chikusa anali ahedi athu pasukulu ya pulayimale imene ndikugwirabe ntchito mpaka lero, kuno kumapiri a m'malire a Dowa ndi Ntchisi, kumene galimoto imatifika m'chilimwe mokha. Ndinawapeza ali kale ndi imvi. Anali munthu wamtali, woonda, wa jekete limodzi lotuwa limene mayi a kunyumba kwawo anali atalisoka m'zigongono kangapo. M'thumba la pachifuwa munkakhala zolembera ziwiri, chabuluu ndi chofiira, ndipo chofiiracho ndicho chinkatha msanga. Ankakonza nacho zolemba za ana, mapulani a maphunziro a ife aphunzitsi, zidziwitso zomatidwa pachitseko cha tchalitchi, ngakhale kalata imene munthu wawaitanira ku ukwati. Tizidutswa ta choko ankatitolera m'chitini chakale cha majarini, ife n'kumawaseka kuti ndi umbombo. Koma teremu iliyonse choko chinkatithera, ndipo tsiku limenelo tinkafola pakhomo la ofesi ngati ana, iwo akutigawira kachidutswa kamodzikamodzi.

Chimene aliyense amene anagwirapo nawo ntchito sangaiwale ndi mzere wofiira. Patebulo la mu ofesi pankakhala buku losainamo aphunzitsi akafika m'mawa. Ikangokwana seveni koloko, a Chikusa ankatenga rula n'kujambula mzere pansi pa dzina lomaliza, ndipo wobwera pambuyo pake ankasaina kunsi kwa mzerewo kuti aliyense aone. Tsiku lina mwana wanga anadzuka thupi litatentha ndi malungo, ine n'kuchedwa pang'ono. Ndikudutsa pabwalo la mpira ndinkawaona pawindo, iwonso akundiona, rula ili m'manja. Anajambula. Ndinalowa mwaukali, n'kuwauza kuti munthu wopanda chisoni ngati iwo sindinamuonepo. Anangondipatsa cholembera kuti ndisaine. Koma pofika teni koloko anali atatikweza ine ndi mwanayo pakaliyala ya njinga yawo, pokwera zitunda akutsika n'kumakankha, mpaka tinakafika kuchipatala. Pobwerera ndinaganiza kuti mwina mzere uja aufufuta. Sanaufufute. Iwo omwe tsiku lina mtsinje utadzaza anafika mochedwa, anasaina kunsi kwa mzere umene wachiwiri wawo anajambula mwamantha, kenaka anadzilembera okha kalata yochenjeza n'kuiika mu fayilo yawo. Tinaseka mpaka misozi, iwo osaona choseketsa.

Sanali munthu wosavuta kumukonda. Sukulu yathu ndi ya mishoni, iwonso anali mkulu wa mpingo, koma akulu anzawo atapempha kuti ana akatute mchenga wokonzera tchalitchi tsiku la Lachitatu, anawakanira pamaso, kuti Mulungu analenga Loweruka ndi cholinga. Kwa chaka chathunthu ena sankawapatsa moni wa dzanja. Kuyamikira sankadziwa. Ukaphunzitsa bwino iwo akuonerera, ankangokuuza kuti bolodi unalifufuta mochedwa. Komanso miyezi ya njala sitinawaonepo akudya kanthu pasukulu, ngakhale kachinangwa, chifukwa ankati ana amawerenga mkamwa mwa mphunzitsi kuposa mmene amawerengera buku.

Ankakonda kunena kuti chimene sichinalembedwe sichinachitike. Ankanenanso kuti ulesi wa mphunzitsi suoneka chaka chomwecho, umadzaoneka patapita zaka khumi, pamene bambo wandevu akudinda chala papepala chifukwa satha kulemba dzina lake. Chinkawapweteka zedi kuti mphunzitsi wolawirira ndi wongobwera kudzaothera dzuwa ankalandira malipiro ofanana pakutha pa mwezi. Nkhani imeneyi ankaibwereza pamsonkhano uliwonse, mpaka akaiyamba ife tinkaimaliza tokha chamumtima. Ndikunena izi kuti mumvetse kuti fomu ija palibe anawakakamiza. Anaifuna okha, zaka zambiri isanabwere.

Inabwera chonchi. Boma linanena kuti ndalama zomangira mabuloko a makalasi ndi nyumba za aphunzitsi sizizingoperekedwanso mwachisawawa. Dera lililonse linayenera kuyamba lakonza njira yoyezera ntchito ya aphunzitsi ake. Aphunzitsi ochita bwino azilandira kangachepe pamwamba pa malipiro awo, sukulu zotsogola zizimangiridwa, ndipo dera lopanda njira yoyezerayo lisalandire kanthu. Akuluakulu a zamaphunziro kwathu kuno anagwira njakata chifukwa nthawi inali itachepa, ndiye anakumbukira kuti kumapiri kuli mkulu wina wokonda kulemba chilichonse. Anawaitanira ku Mponela kukakhala sabata yathunthu pamodzi ndi ahedi ena ochepa, kuti akapange fomuyo.

Anabwerako atasanduka mnyamata. Anatisonkhanitsa mu ofesi fomu ili m'manja, pepala limodzi lokha la magawo atatu. Gawo loyamba linali la kufika pantchito nthawi yake, lachiwiri la kukonzekera maphunziro, lachitatu la ana okhoza mayeso, ndipo lachitatuli linkalemera kuposa awiri enawo kuphatikiza. Poyeza sukulu yonse ankayang'ana mayeso a boma a Sitandade 8. Apa ndi pamene a Chikusa ananyadira kwambiri. Anati anzawo ku Mponela ankafuna kungowerenga mitu ya ana okhoza, zimene zikanakomera sukulu zikuluzikulu za m'mbali mwa msewu wa tala, ife a kumapiri n'kumangotsalira chaka ndi chaka. Iwo anaimirira n'kutsutsa. Anati chilungamo n'kuona kuti mwa ana amene alowa m'chipinda kukalemba mayeso, okhoza ndi gawo lalikulu bwanji, kuti sukulu yaing'ono nayonso izitha kuposa yaikulu. Anthu anawaombera m'manja, mawu awo n'kulowa mu fomu momwe anawanenera. Ifenso mu ofesimo tinaomba m'manja, ndipo anayambitsa ndine, pakuti ndinali mphunzitsi wa Sitandade 8 ndipo kangachepe kaja ndinali nditayamba kale kukagawa m'mutu.

Buloko tinkaifuna zenizeni. Ana a Sitandade 3 ndi 4 ankaphunzirira m'chisakasa chaudzu, mitambo ikangoda ankaweruka. Chipinda cha Sitandade 8 chinali ndi mng'alu woti dzanja kulowa, chipupa chake chitachirikizidwa ndi mapolo a bulugamu. Makolo anali ataumba kale njerwa, mudzi uliwonse tsiku lake, abambo akuponda dothi, amayi akutunga madzi kudambo, ndipo anaziotcha ndi nkhuni zosonkha. Uvuni unangokhala kuseri kwa sukulu kudikira simenti ndi malata a boma.

Munthu mmodzi yekha ndi amene sanaombe m'manja. Munthuyo ndi a Saidi, amene ali ndi golosale pakamsika kathu, ndipo nthawi yokolola amagulanso soya ndi mtedza. Ubwenzi wawo ndi a Chikusa unayamba ndi mkangano, a Chikusa atawauza kuti pachikwangwani cha golosale pali zilembo ziwiri zolakwika, ndipo unapitirira ndi bawo Loweruka lililonse masana, mkulu wa mpingo ndi Msilamu wosajomba kumzikiti akunenana kuba nkhomo. A Saidi anandiuza okha, patapita nthawi, zimene anayankha atafotokozeredwa za fomu.

"Ndinawauza kuti aphunzitsi, ine sikelo ndakhala nayo kuyambira ndili mnyamata. Ukangoipachika, wina amathira mchenga mu soya, wina amanyowetsa mtedza. Inu mwapachika sikelo yoyezera anthu, ndiye mukuganiza kuti anthuwo angoima chilili? Iwo anati aphunzitsi si mavenda. Ine ndinati chabwino, sewerani, nthawi ndi yanu."

Mchenga unapezeka chaka choyamba chomwecho. Ahedi ambiri anangopatsa aphunzitsi awo malikisi onse pa gawo loyamba ndi lachiwiri, pamene a Chikusa ankatsegula buku la mzere wofiira n'kumatichotsera tsiku ndi tsiku, iwo omwe osadzisiya. Koma chachikulu chinali pa gawo lachitatu. Sukulu ina ya kutsidya kwa dambo, imene tonse tinkadziwa kuti siposa yathu, inakhozetsa pafupifupi ana onse, ndipo malole a simenti anatidutsa pamsewu kupita kumeneko. Chinsinsi sichinachedwe kutuluka. Ahedi a kumeneko anangolembetsa mayeso ana amphamvu okhaokha, ofooka onse n'kuwauza kuti abwereze kalasi. Fomu inkawerenga ana amene alemba mayeso, ndiye amene sanalembe panalibe powawerengera. Njira imeneyi tinayamba kuitcha kusefa, ndipo chaka chachiwiri chisanafike ahedi onse a dera lathu anali ndi sefa yawoyawo.

Kuno kwathu kubwereza ndi mawu aulemu chabe. Ana ofookawo si opusa ayi. Ndi aja a kutsidya kwa mtsinje amene amajomba mwezi wathunthu madzi akadzaza, aja amene makolo amawatenga kukasoka fodya m'chigafa, aja anayamba sukulu atakula kale chifukwa mtunda unali wautali kwa mwana wamng'ono. Ukauza mtsikana wotha msinkhu kuti abwereze, sabwereranso. Pakutha pa dzinja umangomva kuti anakwatiwa, ndipo wamwamuna umamva kuti anapita ku maesiteti a ku Kasungu. Tonse tinkadziwa zimenezi. Inenso ndinkadziwa pamene ndinakhala pansi ndi rejisitala ya kalasi yanga, ya ana makumi asanu ndi limodzi, n'kulemba mayina makumi awiri papepala lapadera.

A Chikusa sindinawauze. Aphunzitsi anzanga anali mbali yanga, ndipo tinagwirizana kuti mkuluyo adzadziwe zitatha kale. Ana olemba mayeso a Sitandade 8 amayenera kujambulidwa chithunzi cha pachitupa cholowera m'chipinda cha mayeso, ndipo wosajambulidwa ndiye kuti salemba. Dzulo lake la tsiku lojambula ndinaitana ana makumi awiri aja n'kuwauza kuti mawa apume, iwo adzajambulidwa ulendo wina.

M'mawa mwake wojambula anafika panjinga yamoto kuchokera ku Madisi, n'kupachika nsalu yoyera pachipupa. Ana anafola atavala yunifolomu zochapa, nkhope zikunyezimira ndi mafuta odzola. Koma makumi awiri aja anabwera ndithu. Sanayandikire. Anakaima kugolo la bwalo la mpira m'zovala za kumunda, n'kumangoyang'ana. A Chikusa anatuluka mu ofesi n'kuyenda pang'onopang'ono kuchokera kwa mwana woyamba mpaka womaliza, milomo ikuwerenga.

"A Nambewe," anandiitana ndi mfunda wanga monga ankachitira nthawi zonse, "kalasi yanu ili ndi ana angati?"

"Sikisite, ahedi."

"Nanga ine ndikupeza fote bwanji? Kapena maso akalamba?"

"Ahedi, tiyeni tikakambirane mu ofesi."

"Nenani pompano. Nkhaniyi eni ake ndi awa."

Ndinatsitsa mawu, komabe ndinanena zonse. Ndinati ana aja sangakhoze ndipo iwonso akudziwa. Ndinati sukulu zonse zasefa, tikapanda kusefa ife buloko tiiwale, ndipo chipupa chija chikadzagwera ana tsiku lina, makolo adzawauza chiyani. Kenaka ndinanena mawu amene ndinawasungira kumapeto, ndikudziwa bwino pamene akalase.

"Fomu munalemba ndinu, ahedi. Ife tikungoitsata."

Sindinawaonepo nkhope itagwa choncho. Anavula magalasi, anawapukuta ndi nsonga ya jekete, anawavalanso. Wojambula anali atasiya ntchito, akumvetsera.

"Ndinalemba ndine, eya," anatero. "Ndiye kulakwa kwanga alipire Esinati?"

Esinati anali mtsikana wamkulu kuposa onse m'kalasimo, wa kutsidya kwa mtsinje, dzina loyamba papepala langa. A Chikusa anatembenukira kubwalo la mpira n'kuyamba kuitana mayina mmodzimmodzi, opanda pepala m'manja, onse makumi awiri osaphonya. Ana anabwera mwamantha, akuyang'ana ine. Popeza analibe yunifolomu, amene ajambulidwa kale ankathamangira kuseri kwa kalasi kukavula n'kubwereka anzawo, ndipo malaya amodzi anajambulidwa kanayi. Diresi yoti imukwane Esinati sinapezeke, ndiye anavala yosamanga kumsana, mnzake ataigwira kumbuyo kuti isagwe, poti chithunzi chimathera pachifuwa. Wojambula anamuuza kawiri kuti asamwetulire, koma mtsikanayo analephera kudzigwira.

Ndikanakonda kulemba kuti ana aja anatidabwitsa. A Chikusa anawatenga okha masana aliwonse kwa miyezi ingapo, kuwaphunzitsa masamu ndi Chingerezi pakhonde la ofesi mpaka mawu kuwathera. Koma zimene mwana anaphonya zaka zisanu sungazibweze pakhonde. Mwa makumi awiriwo anakhoza awiri, ndipo palibe anasankhidwa kupita ku sekondale. Esinati analephera. Sukulu yathu inatsala pang'ono kukhala yomaliza m'dera lonse, buloko inapita kwina, ndipo pa aphunzitsi tonse palibe amene analawa kangachepe kaja. Ndinene chilungamo, m'kati mwa kupsa mtima kwanga munali kachisangalalo koipa, koti ndinanena ine. Mu ofesi tinasiya kucheza nawo. Akalowa, nkhani inkatha.

Msonkhano wa makolo unali wotentha. Amene anaimirira n'kuwapanikiza kwambiri anali amalume ake a Esinati yemweyo.

"Aphunzitsi, njerwa zija tinaumba ndife, misana inapweteka ndi yathu. Anzathu kutsidyaku ana awo ali m'kati, athu akunyowa. Mwanayo mwamulembetsa, walephera ndithu. Ndiye tatiuzani, tapindula chiyani?"

A Chikusa anaimirira chipewa chili m'manja. Munthu amene ankatha kulankhula ola lathunthu za kagwiridwe ka choko anangoti, "Yankho ndilibe, bambo," n'kukhala pansi. Dzinja limenelo mvula inagumula mbali imodzi ya uvuni, ndipo anthu anayamba kutengako njerwa, wina za khitchini, wina za chiliza, aliyense akuti akutenga thukuta lake.

Sanangokhala ayi. Analemba makalata, ena n'kukawapereka okha ku ofesi panjinga. Sankapempha kuti fomu ithe. Ankapempha kuti asinthe mawu ochepa okha, kuti aziwerenga kuchokera pa ana onse amene anali mu rejisitala ya Sitandade 7 chaka chapitacho, olemba mayeso ndi osalemba omwe. Mlangizi wa sukulu za dera lathu, bambo waulemu amene iwo anamuphunzitsapo ali mwana, anawafotokozera kuti fomu inavomerezedwa kale kumtunda, ndipo kuigwedeza pang'ono pokha kungaimitse ndalama za sukulu zonse kwa chaka chathunthu. Ndani angafune kukhala munthu amene anamanitsa ana a dera lonse? Anawakumbutsa modzichepetsa kuti walira mvula walira matope. Teremu yomweyo kunabwera satifiketi yowathokoza pa ntchito yabwino imene anagwira ku Mponela, poti madera ena anali atakopera fomu yawo. Sanaipachike pena paliponse. Ine ndinadzaiona koyamba Lachinayi lija, ana awo ataiika mu fulemu n'kuiimika pabokosi.

Komiti ya sukulu inalemba kalata yopempha kuti achotsedwe. Sinafunike n'komwe, chifukwa nthawi yawo yopuma pantchito inali itayandikira, ndipo anachoka mwakachetechete, katundu pangolo, popanda phwando lotsanzikana. Udindo unagwera ine. Chaka chomwecho ndinasefa, ndipo ndinasefa mwaluso kuposa ahedi a kutsidya kwa dambo. Ine sindidikira tsiku lojambula kuti ana adzaime kugolo. Ndimasefera ku Sitandade 7, pamayeso a kumapeto kwa chaka, ndipo palibe kholo lingatsutse malikisi. Sipanapite nthawi malole a simenti anakhotera kwathu. Makolo anaumbanso njerwa akuimba, ine n'kundipatsa nkhuku ndi mbuzi. Kangachepe kaja ndinalandira, ndinagulira matiresi. Kalata imene ndinawatumizira a Chikusa yowaitana kumwambo wotsegulira buloko inabwerera kudzera kwa a Saidi, mawu awiri atakonzedwa ndi cholembera chofiira, popanda china cholembedwapo. Pampando umene tinawaikira kutsogolo panakhala mkulu wina wa komiti.

Ndinawaona komaliza chaka chatha pakhonde la golosale ya a Saidi, kumene ankabwerabe wapansi Loweruka kudzasewera bawo. Anali ataonda kwambiri, jekete lija likuwalendewera. Ndinafuna kulambalala koma anali atandiona, ndiye ndinapita kukawapatsa moni.

"A Nambewe, chaka chino mwasiya angati?"

Ndikanatha kunama. "Twente sikisi, ahedi."

Anagwedeza mutu, maso ali pabawo. Ndinadikira kuti andidzudzule, ndipo ndinkafuna kuti andidzudzule, kuti ndiwayankhe za ana amene tsopano sakunyowa. Sanatero.

"Chipupa chija chikanagwa ndithu," anatero. "Munanena zoona tsiku lija. Ine kale ndinkadziwa chabwino ndi choipa, a Nambewe. Pano ndimangodziwa kuti mawu aja a mu fomu ndinalemba ndine."

"Mukanapanda kulemba inu akanalemba wina," anatero a Saidi, "mwinanso zoipa kuposa pamenepo."

"Koma sanalembe wina. Sewerani."

Lachinayi lija, tikuchoka kumanda, mayi wina wobereka mwana anandigwadira m'mbali mwa njira. Sindinamuzindikire mpaka anatchula dzina. Anali Esinati, atayenda wapansi kuchokera kumudzi kumene anakwatiwa. Anandiuza kuti chitupa chija anachisunga m'Baibulo, chifukwa ndicho chithunzi chake chokhacho cha pautsikana. Sanalankhule mokwiya. Ananditchula madamu monga kale, ndipo ulemu wakewo unandipweteka kuposa mmene chipongwe chikanandipwetekera. Kenaka anafunsa chimene anagwadira.

"Madamu, mng'ono wanga Tadala ali kwa inu, mu Sitandade 7. Amajomba nthawi ya madzi ngati ine, koma amayesetsa. Adzajambulitsa nawo?"

"Tiona mmene akhozere," ndinatero.

Dzina la Tadala lili kale papepala langa, lachitatu kuchokera pamwamba. Chaka chino sukulu yotsogola imangiridwa nyumba ziwiri za aphunzitsi, ndipo aphunzitsi anga atatu akugona m'nyumba zodontha za lendi kumsika. Ndikudziwa chimene a Chikusa akanachita, ndikudziwanso mmene zinawathera. Ndimachita manyazi kunena, koma sindikuganiza kuti dzinalo ndilifufuta.

Lachisanu m'mawa ndinalowa m'chipinda cha Sitandade 8 mu buloko yatsopano, imene a Chikusa sanapondemo phazi. Ndi chipinda chabwino, chopaka laimu, cha mawindo agalasi, ndipo mvula ikamagwa timangokweza mawu n'kupitiriza phunziro. Tinalandira madesiki makumi atatu, okhala ana awiriawiri. Ana anga amadzaza mizere ya kutsogolo, pafupi ndi bolodi, ndipo kumbuyoko timasungirako matsache, makasu ndi ndowa. Ndinapukuta fumbi padesiki imodzi ya kumeneko ndi dzanja. Vanishi yake ikadanyezimira, ndipo patha zaka zitatu palibe mwana amene anakandapo dzina lake.